N'chifukwa chiyani kampira ka gofu kamakana kulowa m'dzenje?

Mu Julayi chaka cha 1970, m'tauni ya St Andrews ku Scotland, katswiri wa gofu wa ku America dzina lake Doug Sanders anaima pa kapinga wometedwa bwino, khamu la anthu lili zii. Kampira kake koyera kanali pafupi zedi ndi dzenje lotsiriza, mtunda wosakwana mita imodzi. Akanangokalowetsa, chikho cha The Open, mpikisano wakale kuposa mipikisano ina yonse ikuluikulu ya gofu, chikanakhala chake. Anayang'ana dzenje, anayang'ana mpira, anayang'ananso dzenje. Kenaka anaona ngati pali kachitsotso panjira ya mpirawo, ndipo anawerama kuti akachotse. Atadzuka sanachoke pamalopo kuti ayambirenso kukonzeka. Anangogogoda. Kampira kanagubuduka, kanalambalala dzenje chakumanja, n'kukaima panja. Mawa lake anapikisana awiriwiri ndi Jack Nicklaus, amene analingana naye mashoti, ndipo Sanders anagonja ndi shoti imodzi yokha.

Ana inu, funso lathu lachokera pamenepa. Munthu wotha kuulutsa mpira mamita oposa 200 n'kuugwetsa pamene akufuna, alephera bwanji kuukankha kamtunda koti mng'ono wanu wa zaka zitatu angalumphe? Ndipo ngati akatswiri amaphonya chonchi, anthu wamba amene amasewera gofu Loweruka lokha angatani kuti asamaphonye kwambiri?

Tiyambe ndi mawerengedwe. Pa gofu amapambana ndi amene wamenya mpira kochepa. Bwalo lathunthu limakhala ndi maenje 18, ndipo shoti iliyonse imawerengedwa imodzi: ya mamita 250 ndi imodzi, ya masentimita 10 ndi imodzinso. Dzenje lililonse limazunguliridwa ndi udzu wometedwa mpaka kutsala mamilimita 3 kapena 4 okha, malo otchedwa green. Mpira ukafika pamenepo suulutsidwanso. Wosewera amatenga ndodo yotchedwa putter n'kuugubuduza pansi, ndipo kugubuduza kumeneku ndiye putt. Pa mabwalo ambiri wosewera waluso amayembekezereka kumaliza maenje onse ndi mashoti 72, ndipo powerengera nambalayi amaikapo ma putt awiri pa green iliyonse. Tachulukitsani 18 ndi 2. Mwapeza 36, theka lenileni la masewero! M'thumba la gofu amaloleza ndodo 14, koma palibe ndodo imene imatuluka m'thumbamo kawirikawiri ngati putter.

Chimene chimandikondweretsa ine pa putt n'chakuti safuna nyonga. Poulutsa mpira kutali, mwana sangalimbane ndi bambo wamkulu. Pa green angathe, ndipo angapambane. Ku St Andrews komweko, pafupi ndi bwalo lotchuka la Old Course, kuli bwalo la ma putt okhaokha, la timapiri ndi tizigwa, lotchedwa Himalayas. Eni ake ndi kalabu ya amayi imene inayamba mu 1867, ndipo mpaka lero ana, makolo ndi agogo amalipira kandalama pang'ono n'kusewera limodzi.

Dzenje limakula, dzenje limachepa

Dzenje la gofu ndi lofanana pa dziko lonse: mamilimita 108 kukamwa kwake, kuya kwake kosachepera masentimita 10. Muyeso wa kukamwaku anaukhazikitsa akuluakulu a gofu a ku St Andrews mu 1891. Mpira nawo uli ndi malamulo ake: usachepere mamilimita 42.67 m'mimba mwake, usalemere kuposa magalamu 45.93. Mukawerengera mupeza kuti pakamwa pa dzenje pangandandalikidwe mipira iwiri ndi theka. Malo alipo ndithu. Ndiye vuto lili pati?

Vuto lili pa liwiro. Taganizani zimene zimachitika mpira ukafika pamlomo pa dzenje. Pansi pamene unali kugubudukapo patha, tsopano uli m'malere. Mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi yayamba kuukoka, koma kugwa kumafuna nthawi. Mpirawo uyenera kutsika pafupifupi theka la msinkhu wake usanafike kukhoma la tsidya linalo. Ukatsika mokwanira, umagunda khomalo n'kugwera m'kati, gobede! Ukafika usanatsike, umamenya mlomo wa tsidyalo n'kudumphira kunja. Akatswiri a sayansi anawerengera kuti mpira wothamanga kuposa mamita 1.6 pa sekondi sulowa, ngakhale utalunjika pakati penipeni.

Tsono kumbukirani kuti dzenje ndi lozungulira. Pakati pake m'potambalala, mpira uli ndi mamilimita 108 onse oti ugweremo. Cham'mbali mpata ndi waufupi. Mpira wobwera mwaulesi, wotsala pang'ono kuima, ungagwere ngakhale utangokhudza m'mbali, poti uli ndi nthawi yonse yopendekera m'kati. Wobwera ndi liwiro umafuna pakati pokha. Ukalowera cham'mbali umazungulira mlomo wa dzenje n'kutulukira kwina, mwini mpira n'kugwira kumutu. Ndiye kuti dzenje lomwelo, kwa mpira wodekha ndi lalikulu, kwa mpira waphuma ndi laling'ono. Yesani nokha. Kwirirani kachitini pabwalo, mlomo wake ulingane ndi nthaka, muzigubuduza kampira ndi dzanja, nthawi zina pang'onopang'ono, nthawi zina mwamphamvu, muziwerenga yolowa.

Koma musati ndiye basi tizingogogoda mwamantha. Mpira woima usanafike padzenje sungalowe, ngakhale njira yake itakhala yolondola chotani. Komanso mpira ukatsala pang'ono kuima, kanthu kalikonse kamaupatutsa: kamchenga, phazi la munthu amene waponda pamenepo, kaudzu kotukuka. Ndipo malo opondedwapondedwa kwambiri pa green yonse ndi pafupi ndi dzenje, chifukwa aliyense amafika pomwepo kudzatola mpira wake. A Dave Pelz, amene poyamba ankagwira ntchito ya sayansi ku NASA, bungwe la za m'mlengalenga la ku America, anasiya za m'mlengalenga n'kuyamba kufufuza za putt. Anapanga kachipangizo kogubuduzira mipira mofanana nthawi zonse, nagubuduza mipira yambirimbiri. Iwo anapeza kuti liwiro labwino ndi loti mpira ukaphonya, upitirire dzenje ndi masentimita 43. Aphunzitsi ena amati 43 yachuluka, 30 ndi yokwanira. Ine ndimaona kuti kukangana pa manambalawa sikuthandiza woyamba kumene. Chofunika n'chakuti mpira uzifika padzenje, ndipo ukaphonya uziima chapafupi, rula imodzi ya kusukulu kapena imodzi ndi theka kuseri kwake.

Pali zinanso zimene manambala anaulula. Pulofesa Mark Broadie wa ku Columbia University ku New York anasanthula mashoti ochuluka zedi a akatswiri osewera m'mipikisano ya PGA Tour. Pa mita imodzi, akatswiriwa amalowetsa pafupifupi yonse. Koma pa mamita 2.4, mtunda woti inu mungauyende ndi mapazi anayi kapena asanu, amalowetsa theka lokha. Theka! Anthu amene gofu ndiyo ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Pa mamita 10, kawirikawiri amafuna ma putt awiri. Mu 1994 Nick Price wa ku Zimbabwe analowetsa putt ya mamita pafupifupi 15 pa dzenje la nambala 17 ku Turnberry, nathamanga n'kudumpha ndi chimwemwe, ndipo anatenga The Open. Anthu amaikumbukirabe putt imeneyo chifukwa zoterezi sizichitika wamba.

Ndiye wosewera wamba asadzipweteke mtima akaphonya pa mamita atatu. Kumene amataya mashoti ambiri ndi kwina: kugogoda katatu pa green imodzi. Ndipo katatu kameneka kamayambira pa putt yoyamba. Mukaonetsetsa munthu wongophunzira ali pa mamita 10, si kawirikawiri kuti aphonye ndi mamita awiri kumanzere kapena kumanja. Koma kuperewera ndi mamita awiri, kapena kupitirira ndi mamita awiri, amachita mobwerezabwereza. Sanders uja naye, tsoka lake linayamba ndi putt yoyamba. Anali patali, pamtunda pa dzenje, ndipo mpira wake unaima usanafike, n'kumusiyira kamtunda kovuta kaja.

Katungwe

Nanga liwiro loyenera limachokera kuti? Taonani katungwe. Mukamukokera kumbuyo pang'ono, amapita kutsogolo pang'ono. Mukamukokera kutali, amapita kutali. Chodabwitsa n'chakuti nthawi imene amatenga kupita ndi kubwera imakhala pafupifupi yofanana, kaya ulendo ndi waufupi kaya wotalikirapo. Putter iyenera kuyenda chomwecho. Mapewa ndiwo amagwedezeka, mikono ndi ndodo zimangotsatira pamodzi. Polumikizira dzanja ndi mkono, paja timavala wotchi, pasapindike. Miyendo ndi chiuno zikhale phee. Ukafuna mpira upite kutali, sumenya mwamphamvu ayi, umangotalikitsa ulendo wa ndodo, kumbuyo ndi kutsogolo komwe, pa kayendedwe komweko. Ena amanong'ona chamumtima, "bwerera, pita," kuti kayendedweko kasasinthe.

Ongophunzira amalakwa m'njira ziwiri. Wina amabweza ndodo kutali kwambiri, kenaka mantha amamugwira, n'kuchepetsa liwiro ndodo ili pafupi kugunda mpira. Wina amabweza pang'ono kwambiri, kenaka n'kubaya mpira ndi manja mwadzidzidzi. Onsewa sangadziwe kuti mpira ukaima pati, chifukwa lero abaya chonchi, mawa chonchija. Kagwiridwe nakonso: zala zikayamba kuyera chifukwa chofinya ndodo, ndiye kuti mwagwira mopitirira. Dzanja lofinya silimva kulemera kwa mutu wa putter.

Pamutu pa putter pali malo amodzi, chapakati, amene amapereka mphamvu yonse ku mpira. Mungawapeze chonchi. Lendeweretsani putter pakati pa zala ziwiri, mutu uli pansi, muzigogoda kumaso kwake ndi chala cha dzanja linalo. Mukagogoda chakumapeto, mutuwo upotoka. Pitirizani kusuntha chala mpaka mupeze pamene mutu ukungobwerera m'mbuyo osapotoka. Pamenepo ndiye pogundira mpira. Mukagundira pambali, mpira umaperewera ngakhale mutayendetsa ndodo bwinobwino, ndipo mumayamba kudabwa kuti chalakwika n'chiyani. Aphunzitsi ena amamanga timphira tiwiri pamutu wa putter, kusiya mpata pakati. Mpira ukagunda pa mphira umangofa pomwepo, wophunzira n'kudziwa kuti waphonya pakati. Mukayang'anitsitsa muonanso kuti kumaso kwa putter sikunaime chilili. Kunapendekera kumwamba pang'ono, madigiri 3 kapena 4, kuti kuzitukula mpira m'kadzenje kamene umadzipangira pokhala pa udzu. N'chifukwa chake mpira umayamba watsetsereka kaye, kenaka n'kuyamba kugubuduka.

Thupi lanu limadziwa kale kuyeza mtunda, likungofuna kuti maso alionetse. Imani mamita 8 kuchokera padzenje, mugubuduze mpira ndi dzanja, maso ali padzenjepo. Mudabwa kuona mmene uimire pafupi, musanawerengere chilichonse. N'chifukwa chake osewera ambiri aluso, poyeserera ndodo asanagogode, amayang'ana dzenje osati pansi. Jordan Spieth, amene anatenga mipikisano ikuluikulu ya Masters ndi US Open mu 2015 ali ndi zaka 21, ankafika pogogoda ma putt ena aafupi maso ali kudzenje. Sewero labwino lophunzirira mtunda ndi la makwerero. Palibe dzenje. Gubuduzani mpira woyamba mamita awiri. Wachiwiri upitirire woyambawo pang'ono chabe, wachitatu upitirire wachiwiri, mpaka mufike pamzere umene mwajambula patali. Mpira ukaperewera pa unzake, mwagwa. Wopambana ndi amene wapanikiza mipira yambiri asanafike pamzerewo.

Kuzonda green

Palibe green yafulati. Amazimanga zopendekeka dala, kuti madzi a mvula azitsika komanso kuti masewero azikoma. Choncho mpira suyenda molunjika, umakhotera kumunsi. Njira yosavuta yodziwira kumene ukhotere ndi kudzifunsa kuti, nditathira ndowa ya madzi apa, angalowere kuti? Kumene kungalowere madziko ndi kumene mpira ukokedwere.

Mpira umakhota pang'ono ukamathamanga, umakhota kwambiri ukamatopa. Ndiye mamita otsiriza pafupi ndi dzenje ndiwo ofunika kuwazonda kwambiri. Apa mpamene liwiro ndi njira zimakumana. Putt yomweyo, mukaigogoda mwamphamvu imafuna kulozetsa pafupi ndi dzenje, mukaigogoda modekha imafuna kulozetsa patali chakumtunda. Simungasankhe njira musanasankhe liwiro. A Pelz aja anapezanso kuti osewera wamba pafupifupi onse amaona kukhota kochepa kusiyana ndi kumene kulipo, ndipo amaphonyera kumunsi kwa dzenje. Kuphonyera kumunsi n'koipa kawiri. Mpira wodutsa kumtunda umakhala ukutsikirabe kudzenje, mwina n'kugweramo cham'mbali, ndipo ukaphonya umaima pafupi. Wodutsa kumunsi wataya kale mwayi, ndipo ukamagubuduka ukuthawa dzenjelo. Ndiye mukazonda n'kuona ngati mpira ukhota chikhatho chimodzi, onjezerani china.

Maso amanamizika, makamaka kukakhala mapiri kapena mitengo yopendekeka chapafupi. Mapazi sanamizika msanga. Imani motangadza pakati pa mpira ndi dzenje, osaponda njira ya mpira, mumve phazi limene lalemedwa. Kumeneko ndiye kumunsi. A Mark Sweeney a ku America anakonza njira yotchedwa AimPoint pa nzeru yomweyi, ndipo mukaona pa kanema katswiri ngati Adam Scott atatangadza pa green, kenaka n'kuimika zala patsogolo pa nkhope diso limodzi atatsinzina, ndiye akuchita zimenezo: mapazi amuuza kukula kwa kupendekeka, zala zikumuuza poti alozetse. Wanzeru amayamba kuzonda akadali patali, akuyenda kubwera pa green, chifukwa chitunda chimaoneka bwino uli kutali kusiyana ndi utachiponda. Dziwaninso kuti putt yokwera chitunda ndi yosavuta kuposa yotsika. Yokwera umaigogoda molimba mtima ndipo sikhota kwambiri. Yotsika umangoikhudza, ndipo ikaphonya imapita. Choncho pochokera kutali, ndi bwino mpira ukaime kumunsi kwa dzenje.

Kwathu kuno kotentha kuli chinthu china chimene osewera a ku Scotland sadandaula nacho kwenikweni. Green za m'mayiko otentha nthawi zambiri zimakhala za udzu wa mtundu wa Bermuda, m'bale wake wa kapinga wathu yemweyu. Kapinga samera choimirira, amayanga chogona, masamba ake onse ataloza mbali imodzi. Mpira woyenda motsatira kumene udzu wagonera umathamanga, woyenda mosemphana nawo umatopa msanga, ndipo wodutsa chopingasa umakokedwera kumene udzuwo waloza. Mungauone bwanji? Mukayang'ana green n'kuona udzu wowala, wotuwirako, ndiye kuti wagonera kutali ndi inu, putt ikhala yothamanga. Ukaoneka wobiriwira moderako, waloza kwa inu, gogodani mowonjezera. Suzumiraninso padzenje penipeni. Mbali imodzi ya mlomo wake imakhala yosalala, ina yonyotsoka ndi yofiirira. Udzu wagonera kumbali yonyotsokayo. Bobby Locke wa ku South Africa, amene anakulira pa green za udzu wogona chonchi, ankatenga nthawi kuzonda udzu wa pafupi ndi dzenje asanagogode. Ndi putter yake yakale ya mpini wamtengo anatenga The Open kanayi, mu 1949, 1950, 1952 ndi 1957, ndipo ambiri amamuika m'gulu la odziwa putt kuposa onse amene anakhalako. Ku Lilongwe Golf Club kapena ku Blantyre Sports Club, anthu amene amadziwa bwino kagonedwe ka udzu wa pa green iliyonse ndi aja amanyamulira osewera matumba a ndodo, poti amaziponda tsiku ndi tsiku. Mlendo wochenjera amawafunsa.

Green nazo zimasiyana liwiro. Ya mame a m'mawa ndi yaulesi, yomweyo dzuwa likaiumitsa imathamanga. Yometedwa kumene imathamanga kuposa ya udzu wokula. Mu 1935 a Edward Stimpson a ku Massachusetts, ataona mmene akatswiri anavutikira ndi green za ku Oakmont pa mpikisano wa US Open, anapanga chida choyezera liwiroli. Lero chimatchedwa Stimpmeter. Ndi kachitsulo kotalika masentimita 91, kokhala ndi ngalande pakati. Amaika mpira pa kamphako ka chakumtunda, n'kumatukula mbali imeneyo pang'onopang'ono mpaka mpira utayamba wokha kutsika. Popeza umatsika ndi liwiro lofanana nthawi zonse, mtunda umene wagubuduka pa udzu ndiwo umanena za green. Pa mabwalo wamba umayenda mamita awiri ndi theka kapena atatu, pa mipikisano ikuluikulu umafika mamita anayi. Madalitso Muthiya wa ku Zambia anakaponda green zamtundu umenewu mu 2006 ku Winged Foot, pamene anakhala munthu woyamba wa dziko lake kusewera US Open. Wosewera wamba alibe Stimpmeter, koma ali ndi mphindi khumi asanayambe masewero. Azithere pa green yoyeserera, akugubuduza ma putt aatali kuti manja amve liwiro la tsikulo.

Za kulozetsa sindichulukitsa, ngakhale kuti pa ma putt aafupi ndiye mwini nkhani. Mpira umanyamuka kulowera kumene kumaso kwa putter kwaloza pa nthawi yogunda. Njira imene ndodo yadzera ili ndi mbali yochepa chabe. Kuti muone mzere bwino, maso akhale pamwamba pa mpira kapena chakufupi ndi inu pang'ono. Weramani ngati mukugogoda, gwirani mpira wina pakati pa maso, muutaye. Ukagwera pa unzake kapena pafupi nawo, mwaima bwino. Katswiri Tiger Woods amadziwika ndi kachipata kake: amazika timitengo tiwiri pa green, mpata wake wongokwana mutu wa putter, n'kumagogoda ma putt a mita imodzi ndi pang'ono ndodo ikudutsa pakati osakhudza, nthawi zina ndi dzanja lamanja lokha.

Zonsezi simufunika kalabu kuti muziyese. M'madera ouma a Africa, Australia ndi kwina kuli mabwalo a gofu amene green zake si za udzu konse koma za mchenga wosalazidwa, ndiye bwalo la pakhomo losesedwa bwino silichepa. Simenti imathamangitsa mpira mopitirira, bola kuyalapo bulangete lakale. Putter mungakhome nokha: kathabwa kosalala kukhomerera kumapeto kwa ndodo yofika m'chiuno. Tsiku limene mudzaponde green yeniyeni, kumbukirani mwambo wake. Osaponda pakati pa mpira wa mnzanu ndi dzenje, osaika chithunzithunzi chanu panjira yake, osalankhula akamagogoda. Mukafuna kutola mpira wanu kuti muupukute, ikani kaye kakobidi kumbuyo kwake. Mbendera ya padzenje mungaichotse kapena kuisiya, malamulo analola zimenezi kuyambira mu 2019.

Maso ndi mtima

Chatsala n'chimene sichioneka. Mayi Joan Vickers a ku University of Calgary ku Canada anaveka osewera zipangizo zojambula kumene diso likuyang'ana. Anapeza kuti ongophunzira maso awo amangoyendayenda: pampira, pandodo, padzenje, pampiranso. Aluso amayang'ana dzenje modekha, kenaka amakhazika maso pamalo amodzi a mpira kwa masekondi awiri kapena atatu asanagogode, ndipo mpira ukachoka maso amatsalabe pomwepo kakanthawi. Wongophunzira amafulumira kudzutsa mutu kuti aone ngati walowa. Mutu ukadzuka mapewa amatembenuka, putter n'kuloza kwina mpira usanachoke. Pa putt yaifupi, lolani khutu ndilo likuuzeni. Yang'anani pamene panali mpira mpaka mumve gobede.

Mantha ndi enieni, ndipo sindifuna kuti muwapeputse. Pali vuto lotchedwa yips, pamene manja a wosewera amanjenjemera kapena kudzidzimuka okha pa putt yaifupi. Bernhard Langer wa ku Germany linamugwira kangapo, kuyambira ali mnyamata. Sanasiye. Ankasintha kagwiridwe ka ndodo, nthawi ina mpaka kugwiritsa mpini wa putter ku mkono wamanzere ndi dzanja lamanja, ndipo anatenga Masters mu 1985 ndi mu 1993. Mu 1991, pa mpikisano wa Ryder Cup, wa pakati pa Europe ndi America, ku Kiawah Island, zonse zinatsalira pa iye: putt ya mamita osakwana awiri, timu yonse ya Europe ikumuyang'ana. Anaphonya, chikho chinapita ku America. Sabata yotsatira yomweyo anakapambana German Masters kwawo.

Mankhwala a mantha alipo awiri. Oyamba ndi kuchita zinthu mofanana nthawi zonse: kuzonda, kuyeserera kawiri, kuika ndodo, kuyang'ana dzenje, kugogoda. China chikakusokonezani pakati, ntchentche kaya kachitsotso, chokanipo muyambirenso. Achiwiri ndi kuwaitana manthawo pophunzira, kuti muwazolowere. Katswiri Phil Mickelson anaphunzira kwa katswiri wakale Jackie Burke sewero ili: kuika mipira 10 mozungulira dzenje, uliwonse pa mtunda wa pafupifupi mita imodzi, n'kumailowetsa umodziumodzi mpaka ikwane 100 motsatizana. Akaphonya umodzi, ngakhale wa nambala 99, amayambiranso pa 1. Popeza mipira yazungulira dzenje, wina umakhala wokwera, wina wotsika, wina wokhotera kumanzere, wina kumanja.

Inu musayambe ndi 100. Yambani ndi 10 motsatizana, kuzungulira kachitini kanu kaja, mlongo wanu kapena mnzanu akuwerenga mokweza. Isanu yoyambirira ilowa mosavuta. Pofika pa 8 mumva manja akuchita thukuta ndipo dzenje liyamba kuoneka laling'ono. Pumani mpweya, khazikani maso pampira, bwerera, pita. Mukaphonya, mpatseni mnzanuyo ndodo, inu muyambe kuwerenga.